Momwe mungachepetsere kumwa mafuta kwa galimoto yakale kuno ku Salima

Galimoto zambiri zomwe zimathamanga pakati pa Kamuzu Road ndi Senga Bay, kapena kukwera msewu wa M14 kupita ku Lilongwe, zinafika m'dziko muno zitagwira kale ntchito zaka zingapo ku Japan. Ma Sienta, ma Probox, ma Corolla. Eni ake tikakumana pamzere wa mafuta, dandaulo limakhala limodzi, loti galimoto yayamba kumwa mopitirira. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti mafuta ambiri timawataya pa zinthu zomwe timachita poganiza kuti tikuwasunga.

Yambani ndi kuyeza

Musakhulupirire muvi wa padeshibodi. Tsiku lomwe mafuta apezeka, dzadzani thanki mpaka pampu iime yokha, lembani makilomita omwe ali pa mita. Yendani monga mwa masiku onse, kenaka dzadzaninso. Makilomita omwe mwayenda muwagawe ndi malita omwe alowa. Ngati mwayenda makilomita 300 ndipo alowa malita 25, ndiye kuti lita imodzi ikukupatsani makilomita 12. Nambalayi isungeni m'kabuku. Popanda iyo simungadziwe ngati zomwe mwakonza zathandizadi.

Funsani makaniko wanu ngati thermostat ilimo

Apa ndiye pamene ndikufuna mumvetsetse bwino. Chifukwa cha kutentha kwa kunyanja kuno, makaniko ambiri akaona injini ikutentha amathamangira kuchotsa thermostat (kachipangizo komwe kamatsekereza madzi kuti asapite ku redieta mpaka injini itatentha mokwanira), amvekere madzi aziyenda momasuka. Zinandichitikira ndi Corolla yanga. Muvi wa kutentha unatsikadi, ine n'kusangalala, koma thanki inayamba kutha msanga kuposa kale ndipo ndinatenga miyezi ndisakudziwa chifukwa chake.

Nkhani yake ndi iyi: injini inapangidwa kuti izigwira ntchito madzi ake ali pa madigiri cha m'ma 80 mpaka 90. Ikakhala yozizira, kompyuta ya galimoto imawonjezera petulo kuti itenthe msanga. Thermostat ikachotsedwa, injini imachedwa kufika pamenepo, nthawi zina osafika n'komwe, ndiye petulo wowonjezerayo amangopitabe. Ngati galimoto ikutentha, vuto limakhala redieta yotsekeka, fani yosazungulira, chivundikiro cha redieta chotopa kapena pampu ya madzi. Konzani chimenecho, thermostat ibwerere pamalo pake.

Muli pagalaja pomwepo, awonenso mapulagi ndi sefa ya mpweya. Fumbi la misewu ya ku Lifuwu ndi kumidzi limatseka sefa msanga, ndipo pa galimoto ya kabyuleta zimenezi zimawonjezera kumwa mafuta. Ngati kagetsi ka injini padeshibodi kamakhala koyaka, musakamate tepi; nthawi zambiri pa galimoto zakale imakhala sensa ya okosijeni ya pa ekizozi, yomwe ikafa injini imalandira petulo wochuluka kuposa wofunika. Makaniko akweze galimoto pa jeki n'kuzunguza tayala lililonse ndi dzanja. Lomwe likukana kuzungulira, mabuleki ake akugwira, ndipo mukuyenda mukukoka katundu amene simukumuona.

Nunkhizaninso. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, wina wochokera ku Dwangwa, ndipo mapaipi akale a labala amatha kuuma n'kung'aluka. Fungo la petulo m'mawa musanalize injini si lozolowera. Pali podontha, ndipo moto ungabuke.

Matayala

Mlingo wa mpweya walembedwa pa kapepala komatidwa pamphuthu ya chitseko cha dalaivala. Pa galimoto zazing'ono umakhala pakati pa 30 ndi 35 psi. Yezani m'mawa musanayende mtunda wautali, chifukwa tayala likatenthedwa ndi phula la masana limasonyeza mpweya wochuluka kuposa womwe ulipo likazizira. Mukaphwetsa pang'ono kuti mudutse mumchenga wa kugombe, popaninso mukangofika paphula. Ndipo ngati tayala likutha mbali imodzi, maenje a msewu wa M5 apotoza miyendo; kawongoletseni.

Tsopano phazi lanu

M'mawa musasiye injini ikulira mphindi khumi kuti itenthe. Theka la mphindi ndi lokwana, nyamukani modekha, itenthera m'njira. Pasiteji podikira anthu, kapena pamzere wa mafuta, zimitsani.

Ponyamuka pondani moto pang'onopang'ono ndipo sinthani magiya msanga, injini isanayambe kukuwa. Yang'anani patali. Mukaona hampu, ng'ombe, kabaza kapena rodibuloko kutsogolo, chotsani phazi pamoto muli patali m'malo mothamanga mpaka pafupi n'kuponda mabuleki mwamphamvu. Pamsewu wautali wopita ku Benga ndi Nkhotakota, liwiro la 80 limasunga mafuta kuposa 110, chifukwa mphepo yomwe galimoto ikulimbana nayo imakula kwambiri liwiro likamakwera. Kaliyala ya padenga, ngati mulibe chonyamula, itsitseni. Matumba a mpunga, zigubu za madzi ndi zitsulo zomwe zimangogona m'buti, zitulutseni.

AC imadyadi mafuta. M'tauni tsegulani mawindo. Koma paulendo wautali m'mwezi wa Okutobala, yatsani ndithu. Dalaivala wolefuka ndi kutentha amasinza.

Pamtsetse musachotse giya

Potsika mapiri kuchokera ku Mvera, madalaivala ena amaika galimoto pa "free", ena mpaka kuzimitsa injini. Chonde lekani. Pa galimoto za injekishoni, zomwe ndi zambiri mwa zathuzi, mukachotsa phazi pamoto giya ili m'malo, kompyuta imadula petulo, matayala ndiwo amazunguza injini. Mukaika pa "free", injini imafuna petulo kuti isazime. Ndiye simunasunge kanthu, koma mwasiyira mabuleki okha katundu yense mpaka atenthe n'kuleka kugwira. Mukazimitsa injini ndiye zoopsa kwambiri: mabuleki amauma, chiwongolero chimalemera, ndipo kiyi ikapotoka kwambiri chimatha kukhomeka muli pakona, m'galimoto muli ana a anthu.

Za tizipangizo tomwe ena amagulitsa, timaginito tomanga papaipi ya mafuta ndi mapiritsi oponya m'thanki, sungani ndalama zanu mugulire mapulagi ndi oyilo wa mlingo wolembedwa m'buku la galimoto yanu. Mafuta a m'zigubu nawo muwaope, ena amakhala osakaniza ndi parafini kapena madzi ndipo amatseka ma injekita.

Mukatha zonsezi, dzadzaninso thanki, yendani njira zanu zomwe zija, muyerekeze nambala yatsopano ndi ya m'kabuku ija. Ngati siyinasinthe konse pakatha mathanki awiri, pemphani makaniko ayeze kompureshoni ya injini, kutanthauza mphamvu yomwe injini imapanikizira mpweya m'kati mwake.