Kuyerekezera buku la The Lord of the Rings ndi filimu yake: poyambira ndi zoyang'ana

Ana ambiri kuno ku Chipata amamudziwa Frodo, Gandalf ndi Gollum chifukwa cha filimu ya pa fulashi, pomwe bukulo sanaligwirepo. Ine ndimaphunzitsa Chingerezi ku sekondale, ndipo Loweruka masana timakumana ndi ana angapo okonda kuwerenga. Ndikawauza kuti ayerekezere buku ndi filimu, ambiri amabwera ndi mndandanda wa zosowa: uyu mulibe, uyo mulibe, apa anadumpha. Mndandandawo ndi poyambira chabe. Ntchito yeniyeni ndi kufunsa kuti anasinthiranji, ndipo atasintha, nkhaniyo inayamba kunena chiyani.

Musatenge buku lonse nthawi imodzi. J.R.R. Tolkien analitulutsa m'magawo atatu mu 1954 ndi 1955, ndipo lonse pamodzi limapitirira masamba 1,000. Mafilimu a Peter Jackson nawonso ndi atatu, anajambulidwa ku New Zealand ndipo anatuluka mu 2001, 2002 ndi 2003. Yambani ndi gawo loyamba, The Fellowship of the Ring, ndipo yambani ndi kuwerenga. Ngati filimu munaionera kale, palibe kanthu, ingoisiyani kaye mpaka mutatseka tsamba lomaliza.

Gulani kope wamba, lembani mzere pakati pa tsamba lililonse. Kumanzere nkwa buku, kumanja musiye kopanda kanthu. Musakopere nkhani yonse ayi. Pamutu uliwonse lembani zinthu zitatu zokha: ndani akufuna chiyani, ndani akumuletsa, ndipo papita nthawi yaitali bwanji.

Za nthawizi musazipeputse. M'buku, Bilbo, wachibale amene analera Frodo, amachita phwando atakwanitsa zaka 111, tsiku lomwelo Frodo ali ndi zaka 33. Kenaka pamapita zaka 17, mphete yamphamvu ya mdani imene Bilbo anam'siyira Frodo ili chikhalire m'nyumba, ndipo Frodo amanyamuka ali ndi zaka 50, atagulitsa nyumba yake kuti anthu asadziwe kumene akupita. Mufilimu zaka zonsezo mulibe. Gandalf amapita, amabwera, ndipo amene akuthawa usiku ndi Frodo wa Elijah Wood, kamnyamata ka nkhope yosalala. Wojambula ankafuna kuti mantha asazirale, ndipo zinamuyendera. Koma lembani kumanja kuti amene akusiya kwawo salinso munthu wokhazikika amene anaganiza mofatsa asanatseke chitseko, ndi mwana amene wakankhidwira panjira. Chisoni chake nchosiyana.

Poonera, dziwani kaye kuti mwatenga filimu iti. Iliyonse ili ndi mitundu iwiri, yaifupi imene inaonetsedwa m'nyumba za kanema ndi yaitali imene inatuluka pambuyo pake. Yaifupi ya gawo loyamba imatenga pafupifupi maola atatu. Izi nzofunika, chifukwa imfa ya Saruman, wamatsenga amene anapandukira anzake, mwachitsanzo, imapezeka mu yaitali yokha ya filimu yachitatu, ndipo ana awiri akhoza kukangana mpaka mdima pamene aliyense anaonera yake. Tchajani laputopu magetsi asanazime, yatsani mawu olembedwa pansi aja, ndipo muziimitsa kawirikawiri nkulemba mphindi imene chinthucho chachitika. Kuonera zonse mpaka kumapeto kenaka nkuyamba kukumbukira sikuthandiza, mutu umasakaniza za m'buku ndi za pakanema.

Mukatero muona kuti kusintha sikofanana. Kwina ndi kuchotsa. Tom Bombadil, mdala woimba wa m'nkhalango amene mphete siimugwira mtima, mufilimu mulibe, ndipo ine sindidandaula: ulendo ukanaima pamene unafunika kuthamanga. Kwina ndi kupatsa munthu wina ntchito ya mnzake. M'buku amene amabwera ndi hatchi kudzathandiza Frodo wovulala ndi Glorfindel, mufilimu ndi Arwen. Chifukwa chake nchoonekeratu: nkhani ya chikondi cha Arwen ndi Aragorn, amene amadzakhala mfumu, Tolkien anaiika kwambiri kumapeto, m'masamba owonjezera, ndiye woonera akanadabwa kuona mfumu ikukwatira mkazi amene sanamuonepo akuchita kanthu.

Kusintha kumene muyenera kukhalapo nthawi yaitali ndi kwa khalidwe la munthu. Mukafika pa gawo lachiwiri, The Two Towers, yang'anitsitsani Faramir, mng'ono wa Boromir, mnzawo wa paulendo amene anafuna kulanda Frodo mphete. M'buku, atazindikira chimene Frodo wanyamula, Faramir amakana kuchitenga. Anali atanena kale kuti chida cha mdani sangachitole ngakhale atachipeza m'mbali mwa msewu, ndipo amasunga mawu ake. Amawapatsa alendowo kamba wa paulendo nkuwalola apite. Mufilimu amawagwira, nkuwatengera ku Osgiliath kuti mphete ikaperekedwe kwa bambo ake, ndipo amawamasula pambuyo pake. Apa musafulumire kukwiya. Dzifunseni zimene olemba filimu anakumana nazo. Kangaude uja Shelob, amene m'buku amatseka gawo lachiwiri, iwo anamusunthira ku filimu yachitatu, ndiye Frodo ndi mnzake Sam anatsala opanda chopinga chachikulu. Komanso akhala akutiuza kwa maola ambiri kuti mphete imakola aliyense, ndiye munthu woikana mosavuta akanaifoola. Zifukwazi nzomveka. Komabe ine ndimati pamenepa panatayika chinthu chamtengo. Tolkien anaika abale awiri a mimba imodzi, wina nkugwa, wina nkuima, kuti tione kuti munthu angathe kukana ulamuliro umene uli m'manja mwake kale. Ana athu amafunika kumuona munthu wotero. Mukhoza kutsutsana nane, bola muonetse mutu wa buku ndi mphindi ya filimu pamene mwaimira.

Chitaninso chilungamo kwa filimu, chifukwa pali malo pamene inapambana. M'buku nkhondo yomaliza ya Boromir sitiiona ikuchitika. Aragorn amangomupeza atatsamira mtengo, mivi itamulasa, kumayambiriro kwa gawo lachiwiri. Jackson anaibweretsa kumapeto kwa filimu yoyamba nkutionetsa muvi uliwonse, munthu akugwa nkudzukanso kuteteza Merry ndi Pippin. M'kalasi mwanga pamenepa pamakhala zii. Onaninso Gollum wa Andy Serkis akukangana ndi mtima wake, kamera ikutembenuka uku ndi uku ngati pali anthu awiri, ndipo mverani nyimbo za Howard Shore, momwe dera lililonse lilili ndi kayimbidwe kake. Zimenezi zilembeni kumanja, kumanzere kukhale kopanda kanthu.

Njira ina imene imandithandiza ndi kuonera limodzi ndi munthu amene bukulo sanawerengepo, kaya mlongo wanu kaya aneba. Filimu ikatha m'pempheni akufotokozereni nkhaniyo m'Chinyanja, inu muli chete. Zimene iye wagwira ndizo filimu inanenadi, popanda buku kuithandiza m'mutu mwanu.

Mukam'funsa za mathero, adzakuuzani kuti mphete inapsa, mfumu inavekedwa, anyamata anabwerera kwawo nkupeza zonse zili bwinobwino. M'buku sizili choncho. Mutu wa The Scouring of the Shire, pafupi ndi mapeto, umationetsa Frodo, Sam, Merry ndi Pippin akufika kwawo nkupeza zipata zotseka, malamulo atapachikidwa pakhoma, mitengo itagwetsedwa, chigayo chatsopano chikutulutsa utsi ndi kuipitsa mtsinje. Ngakhale mtengo waukulu uja wa paphwando la Bilbo unadulidwa. Amene akulamulira mobisa ndi Saruman, ndipo anthu a m'deralo amayenera kudzuka okha, popanda Gandalf, kuti amuchotse. Pambuyo pake Sam amayenda dera lonse akubzala mitengo, akuika pa uliwonse kafumbi ka dothi limene Galadriel anam'patsa. Amene anachokapo kumudzi zaka zambiri nkubwerera kupeza phiri la kwawo litayera chifukwa cha makala, mutu umenewu aumva m'mafupa. Tolkien mwini analemba kuti dera limene anakuliramo, kufupi ndi Birmingham, linkaonongedwa iye asanakwanitse zaka 10. Filimu yachitatu inali itatalika kale ndipo inapata mphoto 11 za Oscar popanda mutuwu, koma woyerekezera amene saukhudza wasiya kusiyana kwakukulu kuposa konse: buku likuti nkhondo inafika pakhomo, filimu ikuti pakhomo panapulumuka.

Polemba zimene mwapeza, sankhani zosintha ziwiri kapena zitatu zokha, chilichonse munene zimene buku linachita, zimene filimu inachita, chifukwa chimene mukuganiza, ndi maganizo anu osabisa.

Ngati Tolkien wakukulirani, yambirani pa The Lion, the Witch and the Wardrobe la C.S. Lewis, la 1950, ndi filimu ya Andrew Adamson ya 2005. Bukulo ndi laling'ono, mwana wongoyamba kumene sekondale amalimaliza. Kusiyana koyamba muupeza filimu ikangoyamba: Lewis amatchula mabomba a ku London m'mawu ochepa chabe, pomwe Adamson amationetsa ndege usiku, ana akuthawira kobisala, ndi Edmund akubwerera m'nyumba kukatenga chithunzi cha bambo ake. Imitsani pomwepo, tsegulani kope, mufunse chimene chithunzicho chikukuuzani za Edmund asanakumane ndi mfiti ija.