Mmene mungaonere achule akuswana, kuyambira dzira mpaka miyendo

Mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera kudambo akuti waona chule atabereka mwana kumsana. Ndinaseka. Kamene kali pamwambako si kamwana ayi, ndi kamuna. Achule ambiri, wamkazi ndiye wamkulu thupi.

Ngati mukufuna kudzionera nokha, dikirani mvula yoyamba yamphamvu, cha mu Novembala kapena Disembala. Kukangoda, tengani tochi, valani majombo, mutsate phokoso. Majombowo musawanyozere: kumene kuli achule njoka sizisowa, ndiponso madzi osayenda amakhala ndi likodzo. Amene akulirawo ndi amuna okhaokha, akuitana akazi. Mukafika amati zii. Zimitsani tochi, khalani phee, ayambiranso.

Wamkazi akafika, wamwamuna amamukwera n'kumugwira zolimba m'khwapa, ndipo amatha kukhala choncho usiku wonse. Palibe cholowa m'thupi. Wamkazi amatulutsa mazira m'madzi, wamwamuna n'kuthirapo umuna nthawi yomweyo.

M'mawa bwereraniko. Mukapeza mazira akuda ali mumzere wautali ngati mikanda, atakolekera mu udzu, dziwani kuti ndi a achule akhungu lokhakhala aja, obwera pakhonde kudzadya ngumbi. Ena amaikira mazira mowunjikana ngati phala. Yang'ananinso m'mwamba. Thovu loyera lolendewera panthambi pamwamba pa chithaphwi ndi chisa cha chule wa mumtengo; mbululu zimaswa momwemo, pakapita masiku ochepa n'kugwera m'madzi. Musalithyole.

Tapani mazira ochepa chabe, pamodzi ndi madzi apomwepo, muike m'beseni pamthunzi. Ine ulendo woyamba ndinathira madzi apampopi, mbululu zonse zinafa ndi mankhwala a m'madziwo. Amvula ndiye abwino. Chakudya cha mbululu ndi katsamba ka mpiru kowiritsa, kopanda mchere, ndipo zotsala muzichotsa zisanawole. Vindikirani ndi kachidutswa ka neti kuti udzudzu usaikiremo.

Miyendo yakumbuyo ndiyo imayamba kutuluka, yakutsogolo pambuyo, mchira n'kumafupika. Apa ikanimo mwala wotulukira pamwamba, apo ayi tiachuleto timira, chifukwa tayamba kupuma mpweya. Tikayamba kudumpha, kabwezeni kudambo komwe munatapa.

Finye yekha musavutike kumusaka m'madzi. Mikono ya wamwamuna ndi yaifupi moti sangagwire mkazi, ndiye amangomatirira kumsana kwake ndi ulimbo wa pakhungu. Amakumba pansi ali omatana choncho, n'kuikira mazira m'dothi, ndipo ana amatuluka kuuna ali kale tiafinye.