Kasungidwe ka injini ya boti pamene Luangwa waphwa

Ife kuno kum'mawa boti siyenda chaka chonse. Luangwa amadzala kuyambila Januwale mpaka cha mu Epulo, ikafika Juni Julayi madzi atsika mchenga uli mbee, boti ya injini ilibe podutsa, ndiye injini imabwela kunyumba nkukhala miyezi 6 olo kuposa. Ndipo ma injini ambili amene ndaona atafa sanafele pamadzi ai, anafela mu sitolo, mwini wake ali phee kuganiza kuti zonse zili bwino poti chinthu sichikugwila nchito. Mvula ikabwela akoka chingwe mpaka phewa kuwawa, injini zii. Anzanga a ku Mfuwe, ndi inu amene mumapita nayo ku nyanja ya Malawi mwa apo ndi apo, nchito yosamala iyambe tsiku lomwe mwaichotsa pamadzi, osati sabata ya mawa.

Choyamba itsukeni mkati. Injini imamwa madzi omwe boti ikuyendamo kuti izizile, manje madzi a Luangwa ni matope ndi mchenga, zikaumila m'tinjila ta mkati zimatseka. Pezani dilamu yodula pamwamba, mangani injini pa thabwa lolimba, thilani madzi oyela mpaka apitilile kachitsulo kafulati kali pamwamba pa pulopela, giya ikhale pa nyutulo, muilize mphindi 5 kapena 10. Chitani izi panja, utsi wa injini m'chipinda chotseka umapha munthu. Ikamalila yang'anani kamadzi kamene kamatuluka kumbuyo, kaja timati injini ikukodza, kazituluka mwamphamvu. Ndipo chonde abale, musailize popanda madzi olo pang'ono chabe kuti mumve ngati ikugwila. Pampu ya madzi ili ndi impela, kagudumu ka labala kokankha madzi, ikazungulila pouma imapsa m'masekondi ochepa, inu simudzadziwa mpaka tsiku limene injini idzatenthe muli pakati pa mtsinje mvuu zili pambali.

Manje nkhani ya petulo, apa ndiye pamene ambili amagwela. Petulo sakhalitsa. Akakhala mwezi umodzi kapena iwili amayamba kuguga, ndipo wotsalila mu kabuleta, mosakanizila petulo ndi mpweya, amauma nkusiya zomata ngati manyuchi, zimenezo zimatseka timabowo ta ma jeti tomwe ni tating'ono kwambili. Kutentha kwa Okutobala ku chigwa, komwe kumapitilila madigili 40, kumafulumizitsa zimenezi. Ndiye injini ikali kulila mu dilamu muja, zulani paipi ya petulo muisiye ilile mpaka izime yokha. Ikazima masulani kasikulu kali pansi pa kabuleta kuti wotsala yense akhe, ikani kansalu pansi, mukamaliza mangani. Inu amene mumathila petulo mbali ya Malawi mukaoloka pa Mwami dziwani kuti wa kumeneko amasakaniza ndi ethanol, ndipo ethanol amakoka chinyezi, akakhalitsa mu thanki mupeza madzi pansi. Oyendela ni wabwino, osungila ai.

Ma Yamaha Enduro a 15, 25 ndi 40 amene ali mbwee kuno ni ma two stroke, petulo timasakaniza ndi oilo. Ambili muyeso wake ni 50:1, kutanthauza 20ml ya oilo pa lita imodzi, olo hafu lita pa malita 25, koma onani buku la injini yanu chifukwa zina zimasiyana. Oilo akhale wa injini za pamadzi wolembedwa TC-W3, osati wa galimoto, osati wa njinga yamoto. Ine langizo langa ni lakuti muzisakaniza wokwanila ulendo umenewo basi. Kusunga thanki yodzala petulo wosakaniza kuyambila Juni kuti mudzayendele Januwale, ndalama imene mukuganiza kuti mwapulumutsa idzapita kwa makaniki. Thanki ikhale pamthunzi, kutali ndi mbaula ndi ana.

Kenako chotsani ma pulagi, donthezani oilo wa two stroke pang'ono m'bowo lililonse, chotsani kachingwe kofiila kozimitsila kaja kuti pasakhale moto, kokani chingwe pang'onopang'ono kangapo oilo afike ponse m'ma silinda, bwezelani ma pulagi. Izi ni zoletsa dzimbili mkati. Pulagi ikakhala yakuda bii olo yadyeka gulani ina musungile.

Kumunsi ku giya anthu amaiwalako kwambili, koma kukaonongeka kumadula. Pali masikulu awili, lapansi ndi lapamwamba. Imikani injini chilili, masulani lapansi kenako lapamwamba, oilo atuluke muone mtundu wake. Akatuluka woyelela ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi akulowa, ma sili, timalabala totchinga madzi, atha, ndipo mukaisunga choncho miyezi yonseyo ma beling'i ndi mano a giya achita dzimbili. Kambili choyambitsa ni ulusi wa mbedza kapena wa ukonde umene umadzikulunga kuseli kwa pulopela nkudula sili, nchifukwa chake pulopela muzichotsa, muchotse ulusi, mupake gilisi pa shafuti, nkubwezela ndi pini yatsopano. Oilo watsopano ni wa giya SAE 90, amalowetsela pa bowo lapansi mpaka atulukile pamwamba, mumange lapamwamba kaye kenako lapansi msanga. Mukathilila pamwamba mpweya umatsekeleza nkuoneka ngati wadzala pomwe sanadzale. Mawashala a masikuluwo akaphwanyika sinthani, ni totchipa koma ndi tomwe timatchinga madzi. Oiloyu azisinthidwa pa maola 100 aliwonse, olo kamodzi pachaka ngati simuyenda kwambili, ndipo nthawi yabwino ni iyi yosunga.

Gilisi pakaninso m'ma nipo onse, timabowo topopelamo gilisi, powongolela, popendeketsela ndi pa masikulu omangila ku boti, kuti zisadzagwilane.

Poika, njila yabwino ni chilili pa thabwa kapena pa sitandi, madzi onse akhe okha. Ngati malo akukakamizani kugoneka, mutu ukhale pamwamba kuposa pulopela, apo ai madzi otsalila amabwelela kukalowa m'ma silinda. A injini za four stroke, zosasakaniza oilo ndi petulo, samalani kwambili, yanu ili ndi mbali imodzi yogonekela ndipo amajambula pa injini pomwepo, mukagoneka mbali inayo oilo amalowa komwe safunika. Zomwezi ponyamula pa kanta kuchoka ku Mfuwe kubwela ku Chipata, ikani tayala lakale kapena matilesi pansi pa mutu, mumange bwino.

Sitolo ikhale youma, yosadontha, ndipo isakhale yomwe mumasungila chimanga kapena nshawa, chifukwa makoswe akalowa m'kati mwa kava ya injini amadya mawaya ndi mapaipi nkumangamo chisa. Fetelezanso ikhale kutali, imadya chitsulo. Phimbani ndi nsalu kapena saka yopitisa mpweya, pulasitiki imachita thukuta mkati. Kabowo kokodzela kaja mavu amakonda kumatamo dothi, ndiye matanipo katepi, koma mulembe penapake kuti mudzachotse. Ngati yanu ni yoliza ndi kiyi, chotsani batile kuyambila waya wa negetivu, muzilitchaja kamodzi pamwezi olo ndi sola. Nambala ya injini ili pa kachitsulo pomangila ku boti, ijambuleni pa foni, ndipo tcheni ndi loko zisasowe, akuba amadziwa mtengo wake.

Mwezi uliwonse pitani mukakoke chingwe kawili katatu osailiza, kuti zamkati zisagwilane. Ikafika Novembala mvula yoyamba itagwa, musadikile mtsinje udzale, ibwezeleni mu dilamu ndi petulo watsopano muilize kunyumba konko. Ikakodza mofooka, yambani mwatokosa kabowo ndi ulusi wa mbedza wokhuthala, zikapanda kusintha impela yatha. Sipeya za injini za pamadzi sizipezeka wamba mu Chipata, kambili mpaka kuitanitsa ku Lusaka kapena ku Lilongwe, ndiye itanitsani Disembala asanafike, impela ziwili, ina izikhala m'bokosi la masipana pa boti.