Injini ya ndege yabwera ku ovaholo koma ikuvuta: muyambire pati?

Injini ya ndege yaing'ono ikabwera kuchokera ku ovaholo (kuimasula yonse n'kuikonzanso) n'kuyamba kudya oyilo, kutentha mopitirira kapena kusiya tizitsulo mu fyuluta, pali zinthu ziwiri zoti muchite musanaimbire foni munthu aliyense. Imitsani ndegeyo, ndipo musalole kuti wina amasule ngakhale nati imodzi pa injiniyo. Choyambacho aliyense amachimvetsa. Chachiwiricho ndi chimene chimatayitsa anthu ndalama. Mwini ndege akapsa mtima amathamangira kwa makaniko wa pa hangala yoyandikana kuti angoiona, silinda n'kuchotsedwa, ndipo kuyambira pamenepo amene anachita ovaholo aja amakhala ndi poyankhira: injiniyo mwaigwiragwira kale, sitikudziwa zimene mwachita. Bawuti imene inamangidwa mosakwanira ikangomasulidwa, umboni wake wathera pomwepo.

Tikulankhula ndi a kwathu amene muli kuno ku Johannesburg: amene munasonkherana kugula Cessna 172 kapena Piper Cherokee kuti muzionjezera maola, ndi amakaniko amene mumagwira ntchito pa mabwalo a ndege a Rand, Grand Central kapena Lanseria. Manambala ambiri amene titchule ndi a injini za kampani ya Lycoming, O-320 ndi O-360. A injini yanu muwatsimikize m'buku lake musanawagwiritse ntchito pokangana ndi munthu.

Kodi vuto ndi amisiri, kapena ndi mmene injini inaulutsidwira?

Funsoli muyambe mwadzifunsa nokha, chifukwa ndi loyamba limene a ovaholo adzakufunseni. Maring'i atsopano amakhazikika m'silinda pokhapokha injini ikamakoka mwamphamvu, moto wa m'kati n'kumawakankhira ku khoma la silinda. Lycoming, mu Service Instruction 1427, imati maola oyambirira injini iziuluka pa 65 mpaka 75 peresenti ya mphamvu yake, ndipo imachenjeza kuti density altitude (kukwera kumene injini imamva malinga ndi kupepuka kwa mpweya) ikapitirira mapazi 8,000 injini singafike pa mphamvu imeneyo. Imalimbikitsa mapazi 5,000.

Apa ndi pamene Johannesburg imavutira. Bwalo la Rand lili kale pa mapazi pafupifupi 5,480, Lanseria pafupifupi 4,500. Masana a December kutentha kukafika 30°C, density altitude pa Rand imadutsa 8,000 ndege isananyamuke n'komwe. Mukakwera pang'ono, mpweya wapepuka kwambiri moti ngakhale throttle itakankhidwa mpaka kumapeto, maring'i sakupanikizika mokwanira. Oyilo amapsera pa khoma la silinda n'kupanga chikutu chosalala chonyezimira, maring'i osagwiranso. Injini yotero imadya oyilo mpaka kalekale, ndipo mankhwala ake ndi kuchotsa masilinda, kuwapala ndi hone n'kuika maring'i ena. Kuithamangitsa nthawi yaitali ili pansi, kapena kuyamba kuphunzitsira ophunzira kuyendetsa ndege kutera ndi kunyamuka pa maola oyambirirawa, kumabweretsa zomwezo.

Choncho sonkhanitsani zolemba za ulendo uliwonse kuchokera tsiku limene injini inaikidwa: RPM, kukwera, kutentha kwa kunja, CHT (kutentha kwa mutu wa silinda), oyilo amene munathira ndi mtundu wake. Pa injini zambiri zopanda turbo, Lycoming imafuna oyilo wa mineral wopanda zosakaniza kwa maola 50 oyamba kapena mpaka kadyedwe ka oyilo katakhazikika, ndipo asinthidwe pa maola 25. Ngati ndege ili ndi engine monitor (kachipangizo kosunga manambala a injini), koperani zonse lero, musadikire kuti zifufutike. Munthu amene angaonetse kuti ankauluka m'mamawa kuli kozizira, motsika, pa mphamvu yoyenera, watseka kale khomo lalikulu limene a ovaholo akanathawirapo.

Malire a kadyedwe ka oyilo Lycoming imawerengera motere: 0.006 × horsepower × 4 ÷ 7.4. Pa injini ya 180 hp zimapereka 0.58 quart pa ola, pa ya 160 hp 0.52. Amenewa ndi malire omalizira, si chizindikiro cha injini yabwino. Yokonzedwa bwino ikakhazikika imadya zochepa kwambiri kuposa pamenepo, ndiye wina asakutsekeni pakamwa ponena kuti ili m'malire pamene ikumeza theka la quart ola lililonse patatha maola 50.

Zimene mungayeze injini isanatsegulidwe

Zonsezi achite ndi injiniya wa laisensi amene sanakhudzidwe ndi ovaholoyo, azilembe ndi kusainira. Muwadziwitsenso a ovaholo tsiku ndi nthawi kuti ngati akufuna abwere.

Yambani ndi fyuluta. Idulidwe ndi chodulira chake, osati sowo, chifukwa sowo imasiya tizitsulo take. Tambasulani pepala la m'kati pa kuwala, muyendetsepo maginito. Zomamatira ku maginito ndi chitsulo, ndipo kawirikawiri zimachokera ku camshaft ndi matapeti, kapena ku maring'i ndi khoma la silinda. Zoyera zosamamatira ndi aluminiyamu, wochokera ku pisitoni kapena ku tizitsekero ta piston pin. Zofiirira ngati mkuwa zimaloza ku mabushi ndi ma bearing. Timadontho tochepa tonyezimira pa kusintha koyamba si tachilendo, koma pa kusintha kwachiwiri tiyenera kuchepa. Tikachuluka, kapena mukapeza tizidutswa totha kutola ndi zala, ndegeyo isanyamukenso. Musaiwale sefa ya pansi pa sampu, chifukwa zidutswa zikuluzikulu zimakodwa pamenepo osafika ku fyuluta. Jambulani, ikani zonse m'pulasitiki, lembanipo tsiku ndi maola a injini. Oyilo wopita ku labotale atengedwe injini ili yotentha, pakati pa kukhetsa, osati woyamba kutuluka kapena womaliza.

Kenako compression, injini ili yotentha, popopera mpweya wa 80 psi. Malinga ndi Service Instruction 1191 ya Lycoming, masilinda onse akakhala pamwamba pa 70 ndipo akufanana, zili bwino. Pansi pa 65 ndiye kuti pali kutha. Pansi pa 60 silindayo ndi yofunika kuiganizira zochotsa. Injini yongotuluka kumene ku ovaholo siyenera kuyandikira kumeneko. Nambala payokha sikwanira, tcherani khutu. Mpweya ukamamveka ku exhaust ndi valavu yotulutsa utsi, ku carburettor ndi valavu yolowetsa, pothirira oyilo ndi maring'i. Pa injini za kampani ya Continental malire ake satengedwa pa nambala yokhazikika, amayezedwa tsiku lomwelo ndi chipangizo chotchedwa master orifice.

Borescope, kakamera koonera m'kati mwa silinda, imalowera pa bowo la pulagi ndipo simasula chilichonse chofunika. Khoma labwino limaonetsa timizere topingasana ta hone. Mizere yakuya yotsika molunjika imasonyeza ring'i yothyoka, yothina, kapena zinyalala zimene zinatsalira pomanga. Onaninso utoto wa pa zipsepse za silinda: pa Lycoming wa olenji umatanthauza khoma la chrome, wa buluu la nitride. Maring'i okutidwa chrome akaikidwa m'silinda ya chrome amadyana, ndipo chimenecho ndi cholakwa cha womanga basi.

Tsopano pamene pamatidetsa nkhawa kwambiri. Tsukani injini, ithamangitseni pang'ono, muone pamene oyilo akutulukira. Kudontha pa gasiketi ya rocker cover ndi nkhani yaing'ono. Kudontha pa mzere umene mbali ziwiri za crankcase (chibokosi cha injini) zimakumana, kapena pa mabawuti aatali odutsa crankcase yonse, ndi nkhani ina. Mabawuti amenewa amagwira masilinda komanso amafinya ma main bearing kuti asasunthe. Pa mzerewu pamayenera kupakidwa zokhazo zimene wopanga injini analoleza, mopyapyala kwambiri, nthawi zambiri pamodzi ndi ulusi wa silika. Mmisiri wofuna kuthana ndi kudontha mwachangu akapakapo silikoni wambiri, kapena akasiya penti pansi pa manati a silinda, torque (mphamvu yomangira nati) imaoneka yokwanira tsiku lomanga. Injini ikatentha ndi kunjenjemera, zofewazo zimafinyika n'kuchoka, bawuti n'kukhala yolefuka. Mbali ziwiri zija zimayamba kukhuzana, bearing imasuntha n'kutseka bowo la oyilo, ndipo chotsatira ndi con rod kuthyoka ndege ili m'mwamba. Ulusi wa bawuti (mazinga ake) womangidwa wouma pamene buku likuti upakidwe mafuta umachitanso chimodzimodzi. Mukaona mkanda wa silikoni utatuluka m'mbali mwa mzerewo, ujambuleni pafupi ndipo musauchotse. Oil pressure imene ikuvinavina kapena kutsika pang'onopang'ono, pamodzi ndi mkuwa mu fyuluta, ndi chizindikiro chakuti zimenezi zayamba kale. Pa O-360 zambiri iyenera kukhala pakati pa 60 ndi 90 psi pouluka, ndipo isatsike pansi pa 25 pa idle.

CHT yokwera sikuti nthawi zonse ndi ya m'kati. Malire a Lycoming ndi 500°F, koma injini yokhazikika siyenera kumakhala pamwamba pa 435°F pouluka. Yezani timing ya magineto moyerekeza ndi nambala ya pa data plate, imene pa injini zambiri za mtunduwu ndi madigiri 25. Onani ma baffle (malata olondolera mpweya woziziritsa masilinda) ndi malabala ake, onaninso ngati mapaipi olowetsa mpweya sakuyamwa m'mbali. Izi zimatifikitsa pa funso limene ambiri amalilumpha: anaika injini pa ndege ndani? Kawirikawiri ochita ovaholo ndi ena, oika ndi ena. Oil cooler yosatsukidwa ndi mapaipi akale zimabwezera zinyalala za injini yakale mu yatsopano, ndipo mlandu umenewo ndi wa oika. Dziwani wolakwa musanaloze chala.

Mapepala

Pemphani a ovaholo mwa kalata zolemba zonse za ntchitoyo. Mukufuna mndandanda wa zida zimene zinaikidwa ndi ma part number ake ndi zikalata zosonyeza kumene zinachokera, miyezo ya crankshaft, masilinda ndi ma bearing, zotsatira za kuyeza ming'alu pa crankshaft ndi crankcase, pepala la test run, ndi mndandanda wa ma AD (malamulo okakamiza a chitetezo cha ndege) amene anatsatidwa. Ikani mndandanda wa zidawo pambali pa Service Bulletin 240 ya Lycoming, imene imatchula zoyenera kusinthidwa pa ovaholo iliyonse, monga ma bearing, maring'i, mavalavu otulutsa utsi, mabawuti ndi manati a con rod. Chimene chili mu bulletin koma mulibe mu invoyisi chifunsidwe.

Werenganinso quotation. Kodi analonjeza new limits (miyezo ya chida chatsopano) kapena service limits (miyezo yomalizira yololedwa)? Chida cha pa service limits n'chololedwa, koma chatha kale mbali ina, ndipo sichingayembekezeke kufika maola 2,000 a TBO (nthawi ya pakati pa ovaholo ndi ovaholo inzake) ngati chatsopano. Ngati munalipira new limits koma miyezo ikuonetsa zina, mlandu wanu wayera popanda kutsegula injini. Onaninso ngati magineto, carburettor ndi pampu ya mafuta zinali m'mtengomo, komanso ngati chilolezo cha kampaniyo chokonza ndege cha Part 145 kuchokera ku SACAA, bungwe loyang'anira za ndege ku South Africa, chikukhudza mtundu wa injini yanu.

Kalata, malamulo ndi kutsegula injini

Lembani kalata yaifupi yopanda mawu aukali: nambala ya injini, maola kuchokera pa ovaholo, zimene zapezeka, zithunzi, ndi tsiku limene mukufuna yankho. Zokambirana za pa foni muzitsatize ndi imelo. Pepani sapoletsa chilonda, ndipo lonjezo la pakamwa loti "bweretsani tiione" silikutetezani pa chilichonse.

Nthawi ndi yofunika. Consumer Protection Act ya 2008, ndime 57, imapereka waranti ya miyezi itatu pa chida chatsopano kapena chokonzedwanso chimene chaikidwa pokonza, pamodzi ndi ntchito yochiika, pokhapokha ngati kampani inalemba nthawi yotalikirapo. Ndime 54 imakulolani kufuna kuti ntchito yosalongosoka ikonzedwe kapena akubwezereni gawo loyenera la ndalama. Koma ngati ndege inalembetsedwa m'dzina la kampani imene katundu wake kapena ndalama zolowa pa chaka zimafika R2 miliyoni, lamuloli silikuthandizani, mudalira mgwirizano umene munasainirana. Milandu yotere imathanso mphamvu pakapita zaka zitatu. Ndipo ngati muli ndi ngongole kwa a ovaholo, dziwani kuti malamulo a dziko lino amalola wokonza kugwira katundu mpaka atalipidwa, ndiye funsani loya injini isanalowenso pa geti pawo.

Ikafika potsegula, gwirizanani polemba zinthu izi zisanayambe: malo, amene adzakhalepo, wolipira kuchotsa, kunyamula ndi kuikanso injini, ndi amene adzasunge zida zochotsedwa. Injiniya wanu akhalepo kuyambira nati yoyamba. Torque ya manati a masilinda ndi ya mabawuti odutsa aja iyezedwe asanamasulidwe. Mpata wa matapeti opanda oyilo, umene pa Lycoming zambiri umakhala pakati pa mainchi 0.028 ndi 0.080, uyezedwe masilinda asanachoke. Nkhope za crankcase ndi misana ya ma bearing zijambulidwe zisanapukutidwe.

Mukapeza chinthu choika moyo pachiswe, monga zida zopanda mapepala kapena ntchito yosainidwa koma yosachitika, kaneneni ku SACAA. Iwo sakubwezerani ndalama, koma injini zina zochokera pa benchi yomweyo zikuuluka ndi anthu. Amakaniko amene mukuopa kuchotsedwa ntchito, pali njira ya SACAA yotchedwa CAHRS yonenera mwachinsinsi.

Akavomera kukonza, pemphani kuti waranti yatsopano ilembedwe ndi tsiku loyambira, ndipo oil cooler ndi mapaipi zitsukidwe kapena zisinthidwe ngati munali zitsulo mu oyilo. Masilinda akapalidwa kapena maring'i akasinthidwa, kukhazikitsa kumayambiranso pa ziro: oyilo wa mineral, maulendo a m'mamawa, mphamvu yokwanira. Fyuluta muidule pa maola 10 oyamba, osadikira 25.