Agogo akagona osadzuka, atembenuzeni maola awiri aliwonse

Ndikamayendera makomo amene muli okalamba ogonera pamphasa, makamaka amene anafa ziwalo ndi sitiroko kapena anathyoka fupa la m'chiuno, ndimapeza achibale akuyesetsa ndithu. Phala laphikidwa, mankhwala a BP amwetsedwa, m'chipinda mwasesedwa. Koma tikawatembenuza agogowo kuti tione kumsana, nthawi zambiri timapeza chilonda chayamba kale pafupa la pamwamba pa matako kapena pachidendene, eni nyumba osadziwa.

Chilondachi chimabwera chifukwa chogonera malo amodzi. Fupa likatsamira pamphasa nthawi yaitali limafinya timitsempha ta magazi, ndipo mnofu wosalandira magazi umayamba kufa. Munthu wamphamvu amadzitembenuza yekha kutulo osazindikira n'komwe, pamene wofa ziwalo sangathe, mwinanso samva kuti pakupweteka. Ukalamba nawo umawonjezera vuto: khungu limapyapyala, mafuta a pansi pake amene amatchinga mafupa amatha, ndipo bala limachedwa kupola.

Choncho atembenuzeni maola awiri aliwonse, usana ndi usiku. Usikuwo ndiye povuta, ndikudziwa, koma tcherani alamu pafoni ndipo muzisinthana, ntchitoyi isagwere mdzukulu mmodzi. Musanawagwire auzeni kaye, "Agogo, tikutembenuzeni tsopano, muyang'ane kukhoma." Angakhale sakuyankhula, ambiri amamva, ndipo ndi munthu wamkulu woyenera ulemu wake. Yalani chitenje cholimba pansi pawo kuyambira m'mapewa mpaka m'ntchafu, anthu awiri agwire uku ndi uku n'kunyamula. Kukoka ayi, chifukwa khungu la okalamba limasupuka msanga likakhuzika. Mukawagoneka cham'mbali, apendekeke pang'ono chabe, pilo atatsamiritsa kumsana, kuti asagonere fupa la m'chiuno lenilenilo. Pilo wina akhale pakati pa mawondo. Akagona chagada, ikani pilo pansi pa akatumba a miyendo kuti zidendene zilendewere osakhudza pogona.

Pakhomo pena ndinapeza mtsikana atapota chitenje ngati nkhata yosenzera mtsuko, n'kuwaikira agogo ake pansi pa matako kuti chilonda chikhale pabowo. Anachita mwachikondi, koma nkhata imafinya mozungulira n'kutsekereza magazi opita pakati pomwe pali bala. Tinaichotsa, tinawagoneka cham'mbali, ndipo ndinamuonetsa poyang'ana tsiku lililonse powasambitsa: pansi pa msana, m'chiuno, zidendene, akakolo, zigongono, mapewa ndi kunkhongo.

Pakhungu lathu lakudali musadikire kuona kufiira, sikuonekera bwino. Onani malo amene ada kuposa pozungulira kapena akunyezimira, ndipo khudzani ndi kuseri kwa dzanja. Pakakhala potentha, polimba kapena pofewa mwachilendo, asagonerenso pamenepo mpaka patabwerera mwakale. Osapatikita, ndipo osathowa ndi madzi otentha, poti wofa ziwalo kapena wodwala shuga amatha kupsa osamva.

Mkodzo ndi chimbudzi zimavunditsa khungu. Akadzinyowetsa asintheni nthawi yomweyo, asambitseni ndi madzi ofunda, pukutani mogunditsa nsalu pang'onopang'ono, kenako pakani Vaseline pang'ono pamalo omwe amanyowa. Ngati mwayala pulasitiki kuteteza matilesi, pamwamba pake pakhale nsalu yowuma yopanda makwinya, ndipo nyenyeswa za chakudya zisatsale pogona.

Khungu limadaliranso m'mimba. Muphala thiranimo nsinjiro, soya, dzira kapena usipa wosinja, ndipo nyemba muziwapotera kuti amezeke. Ludzu limachepa munthu akakalamba, ndiye musadikire kuti apemphe madzi: apatseni pang'onopang'ono tsiku lonse, atakhala tsonga kuti asatsamwe.

Khungu likang'ambika, tsukani ndi madzi owiritsa ozizira, othira masupuni aang'ono awiri a mchere pa lita imodzi, n'kuphimba ndi nsalu yoyera. Phulusa, Colgate ndi masamba otafuna zisafike pabalapo. Dziwitsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti namwino adzaone. Chilonda chikayamba kununkha, kutuluka mafinya kapena kuda mkati, kapena agogo akatentha thupi n'kuyamba kubwebweta, pezani galimoto mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo.