Kawerengedwe ka timizere ta pamchenga wa kumtsinje ndi kunyanja

Madzi akaphwera m'chilimwe, mchenga wa m'mitsinje ngati Linthipe ndi Bua umatsala ndi timizere tonga ta m'munda, koma tating'ono. Timizereti timasonyeza komwe madzi ankalowera ndi mphamvu yake. Tengani rula, mpeni wautali, kampasi ndi kope. Pitani m'mawa dzuwa likadali m'munsi, chifukwa mthunzi umaonetsa bwino misana yake. Pafupi ndi dziwe samalani ng'ona.

Yambani ndi mchengawo. Tapani pang'ono, muumitse, muuwaze pa rula. Ngati timiyala tiwiri kapena kuposa tikukwana m'milimita imodzi, mchengawo ndi wosapitirira 0.5 mm. Izi n'zofunika chifukwa madzi oyenda sapanga timizere tating'ono pamchenga wokhuthala kuposa pafupifupi 0.7 mm. Pamchenga wotere pansi pamakhala see, ndipo liwiro likakula pamabuka mizere ikuluikulu yotalikirana kuposa 60 cm.

Kenako gonekani mutu pansi, muone kamzere kamodzi chammbali. Kakakhala ndi mbali imodzi yaitali yokwera pang'onopang'ono ndi ina yaifupi yotsika mwadzidzidzi, ndi ka madzi oyenda. Mbali yaitaliyo imayang'ana kumtunda kwa mtsinje. Madzi amakankha mchenga kukwera nayo, ukafika pamsana n'kugumukira kutsidya, n'kuima pamadigiri pafupifupi 30. Choncho mbali yaifupi ndiyo ikuloza komwe madzi ankapita. Lembani mbaliyo ndi kampasi pa timizere tosachepera khumi, chifukwa kamodzi kokha kanganame ngati kali kuseri kwa mwala kapena chitsa.

Ku Senga Bay, m'madzi ofika m'mawondo, mupeza zina. Mafunde amakokera mchenga uku ndi uku, motero mbali zonse ziwiri zimafanana, msana umakhala wakuthwa, ndipo mzere umodzi umatha kugawikana pawiri.

Yezani mtunda kuchokera pamsana umodzi kufika pa wina, mugawe ndi msinkhu wa kamzereko. Kuti mupeze msinkhu, gonekani rula pamisana iwiri, muyeze kufika pansi pa kangalande. Mtunda wa 12 cm ndi msinkhu wa 1 cm zipereka 12. Ta madzi nthawi zambiri sitipitirira 15. Ta mphepo ndi taphwatalala ndipo timaposa pamenepa. Mukakayika, onani komwe kwakhala timiyala tikulutikulu: mphepo imatiunjika pamsana, madzi amatisiya m'kangalande.

Misana yowongoka imasonyeza madzi ofatsa kapena amene sanayende nthawi yaitali. Akapitiriza kuyenda kapena kuwonjeza liwiro, misana imakhotakhota, kenako imaduka n'kukhala tizidutswa tozungulira kutsogolo.

Umboni wodalirika uli mkati. Dulani mchenga wachinyezi motsata njira ya madzi, kuya kwa 15 cm, mupale khomalo ndi mpeni, mudikire liume pang'ono. Muona timagawo topyapyala topendekera kumunsi kwa mtsinje. Ambiri amalakwitsa podula mopingasa. Akatero timagawoto timaoneka togona kapena tolowa pansi pakati, osaloza kulikonse. Mchenga wouma nawo umangogumuka.

Timizere ta pamwamba timanena za madzi omaliza okha, amene ankaphwera mwina cham'mbali, osati a chigumula. Misana yodulidwa phwatalala ndi chizindikiro choti madzi anachepa mpaka kuimeta. Za chigumula muzifune pansi, pokumba 30 cm kapena kuposa.