Momwe mungagulire mipeni yakale yopinda pa chionetsero osapusitsidwa

Zionetsero zikuluzikulu za mipeni zimachitikira ku America, monga Blade Show ya ku Atlanta mu Juni, ndi cha Oregon Knife Collectors Association ku Eugene mu Epulo. Matebulo amakhala mazanamazana, ndiye musanapite sankhiranitu mtundu umodzi woti muzitolera, kaya ndi ya kampani ya Case, ya Remington kapena mipeni ya ku Sheffield, mzinda wa ku England. Tengani galasi lokuzira zinthu kakhumi, katochi, kansalu kofewa ndi ndalama m'manja.

Mukafika pa tebulo pemphani kaye musanagwire. Tsegulani chitsulo chimodzi, muchitseke musanatsegule china, chifukwa ziwiri zikatseguka theka nthawi imodzi sipuling'i yakale imatha kuthyoka. Mukamaliza pukutani: thukuta la zala limasiya dzimbiri.

Choyamba kuona ndi chidindo cha patsinde, pomwe mpeni umapindikira. Kampani ya W.R. Case & Sons ya ku Bradford, Pennsylvania, ndi yabwino kuyambira chifukwa zidindo zake zimaulula zaka. "Case Tested XX" ndi wa cha m'ma 1920 mpaka 1940, "Case XX" ndi wa 1940 mpaka 1964, ndipo mu 1965 anawonjezera "U.S.A." Mu 1970 anaika timadontho khumi pansi pa chidindo n'kumachotsa kamodzi chaka chilichonse, choncho timadontho tisanu ndi tiwiri ndi 1973. Nambala ya mpeni nayo imalankhula. Pa 6254, 6 akutanthauza chogwirira cha fupa, 2 zitsulo ziwiri, 54 kapangidwe kake. Mukapeza 6254 wa zitsulo zitatu, kapena woyamba ndi 5 (nyanga ya gwape) koma chogwirira chili cha fupa, wina anaulumikiza ndi zidutswa za mipeni ina. Usiyeni.

Mipeni ya ku Sheffield imadziwika ndi zizindikiro: nyenyezi ndi mtanda ndi za Joseph Rodgers & Sons, I*XL ndi George Wostenholm. Mawu akuti "England" kawirikawiri amasonyeza kuti unapangidwa itadutsa 1890, pamene America inalamula kuti katundu wakunja azilembedwa dziko lochokera. Kampani ya ku America ya Remington inapanga mipeni kuyambira 1920 mpaka 1940, koma mipeni yake ya Bullet, yokhala ndi chizindikiro cha chipolopolo pachogwirira, inayambanso kutuluka mu 1982, yofanana kwambiri ndi yakaleyo. Okapi amene tonse timamudziwa anayambira ku Solingen, ku Germany, mu 1902, ntchito inasamukira ku South Africa mu 1988, ndiye wolembedwa Germany ndiye wakale.

Achinyengo amapala chidindo chenicheni n'kudinda china. Walitsani tochi chammbali: tsinde lopalidwa limakhala lopyapyala kuposa sipuling'i yake, ndipo zilembo zodindidwa pachitsulo chouma kale zimatuluka zosazama, zina zopendekeka. Onaninso ngati ukalamba ukugwirizana. Chogwirira chotha ndi manja koma chitsulo chonyezimira ngati chatsopano, pamenepo pali nkhani.

Kenako umveni. Mpeni wabwino umayenda myaa n'kutsekeka ndi kaphokoso kakuti thapu. Gwedezani chitsulo kumanja ndi kumanzere, chisagwedere. Mpeni uli chitsekere, nsonga isatulukire kunja. Ikatulukira ndiye kuti unanoledwa mpaka kutha. Ming'alu imakonda kuyambira pa timisomali ta chogwirira, ndipo kamng'alu kamodzi kamatsitsa mtengo ndithu. Kunenerera mtengo n'kololedwa, makamaka tsiku lomaliza ogulitsa akamalongedza.

Chenjerani ndi zogwirira za celluloid (pulasitiki yakale), zija zamawangamawanga zokongola. Zikayamba kuola zimatulutsa mpweya wa asidi umene umadya chitsulo, ngakhale cha mipeni ina yoyandikana nayo. Chizindikiro chake ndi dzimbiri kumsana kwa chitsulo, mbali yosabisika mpeni ukatsekedwa. Wotere sungani payekha, pamalo popita mphepo. Za mnyanga wa njovu musayerekeze n'komwe, chifukwa malamulo a CITES, pangano la maiko loteteza nyama ndi zomera zakuthengo, akhoza kukulanditsani pa chipata cholowera m'dziko.

Kunyumba musaupale ndi sandipepala kapena kuunola. Kuda kwa chitsulo chakale ndi mbali ya mtengo wake. Kadontho ka mafuta a makina osokera popindikira, kansalu, basi. Musausunge m'chikwama chachikopa, chimasunga chinyontho. Pokwera ndege uikeni m'chikwama chachikulu chopita kumalo a katundu, osati cham'manja.